Phiri ndi Mgodi ku Rustenburg

Nkhani ya usiku uno ndi ya dziko limene omvera ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amalidziwa ndi makutu okha, ngakhale ena ali ndi ana kapena abale kumeneko. Malowo ndi Rustenburg, mzinda wa m'chigawo cha North West ku South Africa, kumadzulo kwa Pretoria. Mabunu anaukhazika mzindawu m'chaka cha 1851, ndipo dzina lake m'chinenero chawo litanthauza mudzi wa mpumulo. Kale unali kutchuka ndi malalanje ndi fodya. Lero utchuka ndi pulatinamu, chuma cha pansi pa nthaka chimene anthu amachikumba usana ndi usiku, kotero kuti mpumulo umene uli m'dzinamo ngwosowa. Pa magawo 10 a pulatinamu yense wokumbidwa pa dziko lapansi chaka ndi chaka, magawo pafupifupi 7 achokera ku South Africa, ndipo wambiri atuluka m'migodi yozinga Rustenburg.

Mlendo wofika kumeneko koyamba, maso ake amagwera pa nsanja za migodi, pa machumuni a ng'anjo, ndi pa milu ikuluikulu yotuwa ya dothi lotsala. Koma akacheukira kumwera, aona mzere wautali wa mapiri uli phee pamwamba pa phokoso lonselo. Tsono Mkhristu amene akhala pakati pa ziwirizi, phiri ndi mgodi, aphunzirapo chiyani za Mulungu wake?

Mapiriwo ndi a Magaliesberg, ndipo dzinali lichokera kwa Mogale, mfumu ya anthu a mtundu wa Bapo amene anali kukhala m'tsinde mwake. Atambalala mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Munthu wozolowera Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, angathe kuwapeputsa, pakuti nsonga yawo yaitali koposa ndi ya mamita 1,852 okha. Koma kufupika kumeneku nkwa ukalamba, monga nkhalamba iwerama msana. Akatswiri a miyala anena kuti thanthwe lake linaumbika zaka zoposa 2,000 miliyoni zapitazo, kuchokera ku mchenga wa m'mbali mwa nyanja yakalekale. Kufikira lero, pa miyala ina ya pamwamba pa phirilo paoneka timizeremizere tonga timene mafunde amasiya pamchenga wa ku Salima kapena ku Mangochi.

Alipo Akhristu ena amene amachita mantha akamva chiwerengero cha zaka chotere, ngati kuti chilanda Mulungu ulemu wake. Mantha amenewa alibe tsinde. Wophunzira za miyala afotokoza m'mene ntchito inayendera ndi nthawi imene inatenga. Wokhulupirira afunsa za Mwini ntchitoyo. Mmisiri amene anakhoza kulindira zaka zosawerengeka kuti mchenga usanduke thanthwe, thanthwe liimirire likhale phiri, ndi madzi adule makwawa m'phirimo, ndi Mmisiri wosapupuluma ndi wosatopa. Munthu amene wapemphera zaka zitatu osaona yankho, nayesa kuti waiwalika, apeza chitonthozo akaima pa thanthwe lotere.

Kumwera phirili ndi chiphompho choongoka. Kumpoto, kumene kuli Rustenburg, litsika pang'onopang'ono, ndipo m'makwawa ake muli mithunzi ya mikuyu ndi maiwe a madzi oyera oti munthu nkuwerenga timiyala ta pansi. Pamwamba penipeni pa mzindawo pali nkhalango yotetezedwa ya Kgaswane, m'mene muyenda mphalapala, ntchefu ndi mbidzi. M'ziphompho za kum'mawa miimba imanga zisa zake. Muimba wa kumeneko uikira dzira limodzi lokha pachaka, ndipo uuluka mtunda wautali osakupiza mapiko, wongoyandama pa mphepo yofunda yokwera kuchokera m'chigwa. Palinso kachomera kakang'ono kamene akatswiri akatcha Frithia pulchra, kosapezeka kwina kulikonse koma m'dera la mapiri amenewa. M'nyengo yopanda mvula kamamira m'timiyala, kusiya nsonga zokha za masamba zoonekera ngati timagalasi, zolowetsa kuwala kwa dzuwa. Mvula ikagwa katulutsa duwa lofiirira lowala, lalikulu poyerekeza ndi mwini wakeyo. Woyenda mothamanga angakaponde osakaona, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Pamene Ambuye Yesu anafuna kuchiritsa anthu ku nkhawa ya chakudya ndi chovala, monga alembera Mateyu m'mutu 6, aphunzitsi amene anawasankha anali mbalame ndi maluwa a m'tchire. Phunziro limeneli lilasa mtima kwambiri ku Rustenburg, kumene kanthu kalikonse kayesedwa pa sikelo ndi kuwerengedwa ndi ndalama. Kaduwa ka pathanthwe kalibe wokagula, sikalembedwa m'buku la kampani iliyonse, komabe kanapangidwa mosamala ngati kuti mfumu idzakaona. Ngati Mlengi sanachite mphwayi pa kanthu kopanda malonda, ndiye kuti mtengo wa cholengedwa sudalira msika. Ndipo ngati zitero ndi duwa, koposa kotani nanga ndi munthu, amene pamgodi adziwika ndi nambala?

Eni nthaka imene migodi yambiri yakhalapo ndi Bafokeng, ndipo likulu lawo ndi Phokeng, kufupi ndi mzindawo. Dzina lawo alimasulira kuti anthu a mame, pakuti mbiri yawo inena kuti makolo awo anakhazikika m'chigwacho ataona mame ambiri m'mawa, nadziwa kuti dzikolo nlachonde. Mabunu atafika analanda malowo, ndipo lamulo lawo silinalole munthu wakuda kulembetsa munda m'dzina lake. Mfumu Mokgatle, imene inalamulira kuyambira 1834 kufikira 1891, inatuma anyamata ake kukagwira ntchito ku migodi ya dayamondi ku Kimberley, nisonkhanitsa gawo la malipiro awo kuti awombole nalo dziko la makolo. Minda yogulidwayo inalembedwa m'dzina la amishoni a Lutheran, makamaka Christoph Penzhorn wa mishoni ya Hermannsburg, ndipo iwo anaisunga mokhulupirika. Nthawi imeneyo panalibe wodziwa za pulatinamu. Chimene anthuwo anavutikira chinali msipu wa ng'ombe, manda a makolo ndi mame aja. Zidzukulu zawo zinalimbana m'makhoti zaka zambiri, ndipo mu 1999 zinapeza pangano lowapatsa gawo loyenera la phindu la migodi. Akadapanda kukonda nkhope ya dziko lawo, sakadakhala ndi chonena pa chuma cha m'mimba mwake.

Chumacho chinadziwika m'chaka cha 1924, pamene mlimi Andries Lombaard ndi katswiri wa miyala Hans Merensky anapeza mtsempha wa pulatinamu cha ku Lydenburg, kum'mawa. Chaka chotsatira mtsempha womwewo unapezekanso ku Rustenburg, ndipo kufikira lero utchedwa ndi dzina la Merensky, amene anali mwana wa mmishoni wobadwira pa mishoni ya Botshabelo mu 1871. Kapangidwe kake nkodabwitsa. Zaka pafupifupi 2,000 miliyoni zapitazo mwala wosungunuka ndi moto unakwera kuchokera pansi, nuzizira pang'onopang'ono usanatulukire kunja. Pozizirapo zolemera zinakhazikika m'mizere, wina pamwamba pa unzake, monga matope akhazikika pansi pa mtsuko. Mzere wa pulatinamu ngwopyapyala, kawirikawiri wosapitirira mita imodzi, koma upitirira mtunda wa makilomita mazanamazana osasokonezeka kwenikweni. M'tani imodzi ya mwala mutuluka magalamu owerengeka okha, oti atawaumba pamodzi angalingane ndi njere imodzi ya chimanga. Dongosolo lotere, loyalidwa mumdima kumene diso silinafike, ndi kukongola kwa mtundu wakenso.

Buku la Yobu, m'mutu 28, lisimba za anthu a m'migodi. Wolembayo achita nawo chidwi, pakuti afika kumene mbalame yakuthwa maso sinaoneko ndi chilombo cholusa sichinapondeko, natulutsa zobisika za m'thanthwe. Atawatama chotero, afunsa kumene nzeru ipezeka, nayankha kuti siikumbidwa ndiponso siigulidwa ndi golide, koma ili m'kuopa Mulungu ndi kuleka zoipa. Mutu umenewu sunyoza mgodi. Uvomereza luso ndi kulimba mtima kwa wokumba, koma umukumbutsa kuti angathe kutulutsa chuma chonse cha pansi nakhalabe wosadziwa chochita nacho.

Akuluakulu amene anapita ku Joni pa Wenela, ntchito yolemba anthu isanaimitsidwe ku Malawi mu 1974 chifukwa cha ngozi ya ndege ku Francistown, adziwa bwino tsiku la munthu wa pansi. Alowa m'chikepe kusanache, natsika mamita oposa 1,000. Pamalo pobowolera mwala denga nlofupika, loti munthu sangaimirire. Agwira ntchito chogwada kapena chokhala pansi, makina akunjenjemeretsa mafupa, thukuta lili chuchuchu. Kumeneko kulibe mtambo, kulibe mphepo ya kuthengo, kulibe kulira kwa njiwa. Dzuwa lake ndi kanyali ka pachipewa. Munthu wotere akatuluka madzulo, naona thambo litafiira kuseri kwa Magaliesberg, aona chinthu chimene wokhala panja tsiku lonse sachiona konse. Kwa iye kuwala ndi mphatso imene waibwezeredwa lero, ndipo mawa sadziwa. Nchifukwa chake anthu ambiri a m'migodi sachita manyazi kupemphera asanalowe m'chikepe.

Masiku ano amuna ndi akazi a m'maiko atatuwa apita okha kumeneko, podzera pa Beitbridge. Ena apeza ntchito pamgodi, ena m'minda, m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Tsiku la Sabata, m'mbali mwa misewu ndi pa timapiri ta miyala, paoneka magulu a mipingo ya Ziyoni ndi ya Apositoli, ovala zoyera kapena zobiriwira, akupemphera pamtetete. Ena awaseka kuti alibe nyumba ya tchalitchi. Koma munthu amene sabata yathunthu wakhala pansi pa denga la mwala, nagona m'kanyumba ka malata, ali ndi chifukwa chomveka chofunira kupembedza pansi pa thambo. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'dziko la anthu a mame, mlendo adziwa kuti sadzakhalitsa. Koma phiri limene ayang'ana ndi la Mwini yemweyo wa Dedza, wa Nyanga ndi wa mapiri a ku Chipata, ndipo pamaso pa Iyeyo palibe wofunsidwa chiphaso.

Komabe nkhani ikathera pamenepa ikhala yonama, pakuti chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kum'mawa kwa Rustenburg, pampata wa mapiri omwewa, pali damu la Hartbeespoort. Zaka zambiri nkhope yake yaphimbidwa ndi namasupuni, yemweyo amene avutitsa Shire, Kafue ndi nyanja ya Chivero. Duwa lake nlokongola ndithu, koma anenepa ndi zonyansa zochokera m'mizinda, ndipo pansi pake nsomba zisowa mpweya. Pulatinamu wambiri agwira ntchito m'mipope ya utsi ya magalimoto, kumene asandutsa mpweya wakupha ukhale wosaopsa kwambiri. Wina alowa m'mankhwala a khansa. Motero mwala wa ku Rustenburg uyeretsa mpweya wa ku London ndi ku Tokyo, pamene ana obadwira pafupi ndi ng'anjo apuma utsi wa sulufule ndi fumbi louluka pa milu ija. Mkhristu woyamika Mulungu chifukwa cha phiri, koma wosamva kanthu ndi chifuwa cha mwana wa m'tsinde mwa phirilo, sanayambe kuona bwino.

Mbiri ya mzindawu ili ndi chenjezo pa chimenechi. M'mwezi wa February 1859 Mabunu ena anasonkhana pansi pa mtengo ku Rustenburg, nakhazikitsa mpingo wa Gereformeerde Kerk. Mmodzi wa iwo anali Paul Kruger, amene pambuyo pake anakhala pulezidenti wa Transvaal, munthu wokonda thengo ndi wodziwa Baibulo. Koma mu 1870 yemweyo anakwapula pagulu Kgamanyane, mfumu ya Bakgatla, pa nkhani ya anthu a thangata, ndipo mfumuyo inasamuka ndi anthu ake ambiri kupita ku Mochudi, m'dziko limene lero ndi Botswana. Nkotheka ndithu kupembedza mumthunzi wa mtengo wa Mulungu ndi kusazindikira chifaniziro cha Mulungu mwa mnansi.

M'masiku a m'badwo uno chenjezolo linabweranso ndi mwazi. Ku Marikana, kum'mawa kwa Rustenburg, kuli kaphiri ka miyala pafupi ndi mudzi wa zisakasa wa Nkaneng. Mu August 2012 anthu a pamgodi ananyanyala ntchito, kufuna malipiro a R12,500 pamwezi, nasonkhana pa kaphiriko. Sabata imeneyo anthu 10 anali atafa kale, ndipo mwa iwo munali apolisi awiri ndi alonda awiri a pamgodi. Pa 16 August, Bishopu Jo Seoka wa mpingo wa Anglican anapita kukalankhula ndi onyanyalawo, nayesa kutengera mawu awo kwa akulu a mgodi, koma sizinatheke. Madzulo a tsiku lomwelo apolisi anawombera, napha amuna 34. Pambuyo pake anthu anaimika mitanda yoyera m'tsinde mwa kaphiriko. Kuyambira pamenepo Mkhristu sangathe kuyang'ana timapiri ta dzikolo ngati zokongoletsa chabe. Monga m'nkhani ya Kaini ndi Abele, nthaka ili mboni, ndipo Mwini wake amva.

Tsono chilengedwe chichita umboni pawiri. Chichitira umboni Mlengi, kuti ngwanzeru, wodekha ndi woolowa manja. Chichitanso umboni wotsutsa iwo amene aipsa ntchito yake, kaya ndi madzi, kaya ndi munthu. Wolandira umboni woyamba sangakane wachiwiri. Ndipo chikhulupiriro cha Chikhristu, chimene chiima pa kuuka kwa akufa, chiwonjezera mawu ena: choonongeka chitha kukonzeka.

Hans Merensky, atalemera ndi migodi, anagula mu 1929 munda wa Westfalia cha ku Tzaneen, umene nthaka yake inali itaguga ndi kukokoloka. Zaka zake zotsala anazithera pobzala mitengo, kutseka ngalande ndi kutsitsimutsa akasupe, ndipo anamwalira komweko mu 1952. Kumpoto kwa Rustenburg kuli mapiri a Pilanesberg, otchedwa ndi dzina la Pilane, mfumu ya Bakgatla. Ndi chitsa cha phiri lamoto limene linazima zaka pafupifupi 1,200 miliyoni zapitazo, ndipo mapiri ake azungulira mkombero m'kati mwa mkombero, monga madzi achita munthu akaponyamo mwala. Nyama zake zinali zitatha ndipo dzikolo linali minda ya ziweto. Mu 1979 linasandutsidwa nkhalango yotetezedwa. Mipanda inazulidwa, ndipo nyama pafupifupi 6,000 zinabweretsedwa pa ntchito imene anaitcha Operation Genesis, kutengera buku loyamba la Baibulo. Lero muli njovu, zipembere, njati ndi mikango. Ntchitoyi inali ndi mtengo wake, pakuti Bakgatla anasiya mabusa awo ndipo madandaulo a malo sanathe msanga. Kukonza chilengedwe kosalabadira eni dziko kusiya bala lina. Mu June 2015 bungwe la UNESCO linavomereza Magaliesberg kukhala dera losungidwa la dziko lonse lapansi, ndipo mwezi womwewo Papa Francis anatulutsa kalata yake ya Laudato Si', yophunzitsa kuti kusamala nthaka ndi kusamala amphawi ndi ntchito imodzi.

Zimenezi sizili kutali ndi omvera. Ku Zimbabwe pulatinamu akumbidwa ku Ngezi, ku Shurugwi ndi ku Zvishavane. Ku Zambia, mu February 2025, damu la zotsala za mgodi wa kopa linagumuka cha ku Chambishi. Madzi a asidi analowa m'mitsinje yothira mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Ku Malawi miyala ya mtengo wapatali yapezeka ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Ndipo phiri la Mulanje, limene mu 2025 linalembedwa pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, latsala pang'ono kutha mikungudza yake chifukwa cha nkhwangwa ndi moto. Maiko osauka sangakane migodi, pakuti ana afuna sukulu ndi odwala afuna mankhwala. Koma pamene alendo afika pabwalo la mfumu ndi mapepala, mkulu wa mpingo ali ndi mafunso oyenera kufunsa poyera. Madzi otsukira miyala adzapita kuti? Wodzakwirira dzenje ntchito ikatha ndani? Wokumbayo adzagona m'nyumba yotani, ndipo akavulala adzamsamala ndani? Mafunso amenewa ndi mbali ya kupembedza, monga momwe iliri nyimbo ya m'mawa wa Sabata.

Ndipo kwa iye amene ali kumigodi usiku uno, kaya ku Rustenburg, kaya ku Mufulira, kaya ku Hwange, uphungu wake ngwapafupi. Tsiku lopuma asalithere lonse m'komboni. Ayende kufikira pamene phokoso la makina lilekera, akhale pansi, ayang'ane mtengo umodzi kapena mbalame imodzi kufikira ataiona bwino, ndipo ayamike. Mwana akakhala naye, amuuze maina a zimene aona m'chinenero cha kwawo, kuti mwanayo adziwe kuti dziko lili ndi Mwini wina woposa kampani. Pobwerera adzakhala atakumbuka mtengo wake wa iye mwini, ndi wa mnzake amene adzatsika naye m'chikepe m'mawa mwake.

Nkhani ya usiku uno yathera pamenepa.